Amayi anapempha wansembe, ife tinkangoti mawa

Amayi anga anamwalira zaka zitatu zapitazo ali ndi zaka zoposa 80. Pa maliro awo anthu anayankhula zabwino zokhazokha, mpaka ine ndinayamba kudzifunsa ngati akunena za amayi amene anandilera ine kapena za munthu wina. Anali munthu wa pemphero, zimenezo palibe angatsutse. Koma analinso aliuma, ndipo lilime lawo likakulasa unkagona ukutembenuzika mpaka mbandakucha. Ndikulemba izi chifukwa cha cholakwa chimene ife ana awo tinachita m'masabata awo omaliza. Ndaona mabanja ena akuchichitanso, ndipo onse amachichita poganiza kuti akusonyeza chikondi.

Koma muwadziwe kaye mwiniwakeyo.

Ankadzuka kusanache. Tili ana tinkamva kunong'ona kwawo kuseri kwa khoma, Tikuoneni Maria pambuyo pa Tikuoneni Maria, ife n'kudzifunditsa bwino kuti tigonenso. Madzulo ndiye kunalibe kothawira. Tonse pansi, maondo pamodzi, zigawo zisanu zathunthu za kolona. Wosinza ankangomva chala chikumubaya paphewa, pemphero osadukiza ngakhale liwu limodzi. Kolona wawo anali wa mikanda yakuda imene inachita kusalala ndi zala. Anaduka kangapo ndipo ankamulumikiza okha ndi kawaya. Pa mikanda 59 imene imayenera kukhalapo, umodzi unatayika kalekale, iwo n'kungomangapo mfundo. Tinawagulira makolona atsopano kambirimbiri, ena okongola ndithu, koma onsewo ankathera m'manja mwa zidzukulu pa tsiku lolandira Ukaristia koyamba.

Anakula Misa ikuchitika m'Chilatini, wansembe atayang'ana kuguwa, anthu ali kumbuyo kwake. Msonkhano waukulu wa Vatican Wachiwiri, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, ndiwo unatsegula khomo loti Misa izichitika m'zinenero za anthu. Amayi ankati tsiku loyamba kumva mapemphero a Misa m'chinenero chawo misozi inangotuluka yokha, poti zaka zonsezo ankagwada pa mawu amene ankangowamvera patali. Komabe Chilatini sichinawachoke. Mdzukulu wina wopulupudza ankakonda kuwalonjera ndi mawu a pa Misa akuti "Dominus vobiscum" (Ambuye akhale nanu), iwo osaganizanso kawiri n'kuyankha "Et cum spiritu tuo" (akhalenso ndi mzimu wanu), kenako n'kumupirikitsa kuti asamasewere ndi zinthu zoyera.

Zatsopano sankazilandira msanga. Mu 2002 Papa John Paul Wachiwiri atawonjezera pa kolona zinsinsi zisanu za kuwala (nkhani za moyo wa Yesu zosinkhasinkha popemphera), zonenedwa Lachinayi, kuti zonse zikhale 20 m'malo mwa 15, amayi anang'ung'udza mwezi wathunthu. "Ndiye kuti zaka zonsezi takhala tikupemphera zoperewera?" Koma poti ananena ndi Papa, anaphunzira. Chinsinsi cha ukwati wa ku Kana ndicho anadzachikonda koposa, ati chifukwa mayi weniweni akaona kuti pakhomo pavuta sadikira kuti wina amupemphe.

Analinso m'gulu la Legio ya Maria kwa zaka zambirimbiri. Gululi analiyambitsa ndi Frank Duff ku Dublin mu 1921, koma amayi za Dublin analibe nazo ntchito. Chimene ankadziwa ndi lamulo lake: msonkhano sabata iliyonse, ntchito ya maola awiri, ndipo poyenda muzikhala awiriawiri. Ntchito yawo inali yoyendera odwala. Anasambitsa anthu amene abale awo ankawanyansidwa, anatseka maso a anthu ambiri, ndipo kukavuta pakhomo pena usiku, amene ankathamanga kukagogoda kwa ansembe anali iwowo. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene imandiwawa kwambiri.

Ine ndi amayi tinakhalapo zaka ziwiri tikungopatsana moni wa pakamwa. Ndinalowa m'banja osadalitsa ukwati kutchalitchi, ndinasiya kulandira Ukaristia, kenako ku Misa ndinkangopita mwa apo ndi apo. Mawu amene anandiuza nthawi imeneyo sindingawalembe pano. Ankakonda kutchula Monica Woyera, mayi amene anamulirira mwana wake Augustine zaka zambiri mpaka anabatizidwa ku Milan mu 387. Tsiku lina anandiuza kuti, "Ine ndilira ngati Monica, koma iwe usadzinamize kuti ndiwe Augustine, nzeru zake ulibe." Lero ndimaseka ndikakumbukira, koma tsikulo ndinatuluka m'nyumba ndikunjenjemera. Kwa makolo amene ana anu anasiya tchalitchi, ndinene mosabisa: ukali wa amayi sunandibweze, unangondichedwetsa. Chimene chinandibweza n'chakuti atatopa n'kukalipa anangoyamba kubwera Loweruka lililonse kudzatenga ana anga kupita nawo ku katekisimu, osandiuza kanthu, osandiyang'ana ndi diso loipa. Mwana wanga wamkazi atandifunsa chifukwa chimene ine ndimatsalira pampando ena akamapita kukalandira, ndinasowa chomuyankha. Ukwati tinadalitsa chaka chotsatira. Amayi anangoti, "Mwachedwa," koma anavina kuposa aliyense.

Matenda anabwera mwakachetechete. Miyendo kutupa, kupuma movutikira, kenako ulendo wa kutchalitchi unakhala wosatheka. Apa mpamene tinayamba kulimbana nawo pa nkhani ya kusala. Lamulo la Mpingo loti munthu asale kudya pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera limakhudza a zaka 18 mpaka 59, ndipo odwala sawakakamiza. Amayi anali atadutsa msinkhu umenewo ndi zaka zoposa 20, akumwa mankhwala ofuna kuti m'mimba mukhale kanthu, koma ankati Yesu sanafunse zaka za munthu pokwera pamtanda. Lamulungu m'mawa ankakananso kumwa mapiritsi mpaka atalandira Ukaristia. Iwo anakula nthawi imene munthu wofuna kulandira Ukaristia ankasala kuyambira pakati pa usiku. Lamulolo linafupikitsidwa kufika pa maola atatu mu 1957, kenako ola limodzi mu 1964, ndipo madzi ndi mankhwala sizikhudzidwa n'komwe. Okalamba, odwala ndi amene akuwasamalira amaloledwa kulandira ngakhale atangodya kumene. Zonsezi tinawafotokozera kakhumi, iwo osamva. Anadzamva tsiku limene mayi wotumikira Ukaristia kwa odwala anawauza zomwezomwezo, m'mawu ochepa kuposa athu. Ndinaphunzirapo kuti munthu wotere usamalimbane naye wekha. Kapezeni munthu wa kutchalitchi amene iye amamukhulupirira, mawuwo atuluke pakamwa pa ameneyo.

Popeza Ukaristia unkabwera kunyumba Lamulungu lililonse, ife tinkaona ngati za moyo wawo wauzimu zili m'malo. Ndiye madzulo ena, ndikuwadzoza mafuta m'miyendo, anandigwira dzanja.

"Mwana wanga, ukauze Bambo mfumu abwere. Ndikufuna ndilape, andidzozenso."

Mtima wanga unagunda kwambiri. Ndinakawauza achimwene anga, iwo n'kulowa kuchipinda msangamsanga. "Amayi, musamalankhule zoterozo. Muchira inu. Wansembe wa chiyani pano?" Ine ndinagwirizana nawo. M'mitu mwathu, kudzoza odwala linali sakramenti la munthu amene watsala maola. Tinkaona ngati wansembe akangolowa ndi mafutawo ndiye kuti tavomereza, tawatsegulira khomo kuti azipita. Tinkaopanso kuti iwowo ataya mtima. Choncho tinayamba kuzengereza. Bambo atanganidwa sabata ino. Bambo apita kumsonkhano. Mawa, amayi, mawa. Zoona zake n'zakuti palibe mmodzi wa ife amene anapita kuparishi kapena kuimba foni. Anapempha kachiwiri, anapempha kachitatu. Kenako anasiya. Ine ndinapumira m'mwamba poganiza kuti aiwala. Amayi sankaiwala kanthu. Anangoona kuti ana awo akuwanamiza, ndipo mphamvu zokangana nafe zinali zitawathera.

Patatha masabata asanu zinthu zinasintha usiku umodzi. Tinathamangira nawo kuchipatala, pofika m'mawa anali atasiya kuyankhula zomveka. Apo ndiye tonse tinayamba kusaka nambala ya kuparishi, imene panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali nayo mufoni. Titaipeza, tinamva kuti wansembe ali kutali, kutchalitchi china chimene amatumikiranso. Anafika madzulo a tsiku lotsatira, atatopa, fumbi lili m'nsapato. Anawayang'ana amayi, anawatchula dzina, iwo n'kungogwedeza zikope. Kulapa kunali kosatheka. Kumeza kunalinso kosatheka. Anawasanjika manja, anawadzoza pamphumi ndi m'manja, ndipo titayamba Atate Athu milomo yawo inkayenda pang'ono, mawu osatuluka.

Tili panja wansembeyo anatifunsa, mosakalipa, kuti amayi anadwala liti. Titamuuza, anakhala chete kanthawi. "Bwanji simunandiitane kale? Amayi awa akhala akundiitanira anthu ena zaka zonsezi." Achimwene anaweramitsa mutu. Ine ndinamuuza chilungamo, kuti tinkaopa.

Zimene anatifotokozera pamenepo ndi zimene ndikufuna aliyense amene ali ndi kholo lokalamba azidziwe. Sakramenti limeneli lichokera m'kalata ya Yakobo 5:14-15, pamene akunena kuti wina akadwala aitane akulu a Mpingo, amupempherere ndi kumudzoza mafuta m'dzina la Ambuye. Palibe pamene akunena kuti mudikire afike pakufa. N'zoona kuti kwa zaka mazana ambiri anthu ankalitcha kudzoza komaliza, ndipo mantha athu anachokera kumeneko. Koma Msonkhano wa Vatican womwe uja, mu 1963, unanena momveka kuti si la okhawo amene ali pafupi kutsirizika. Munthu akangoyamba kukhala pachiopsezo chifukwa cha matenda kapena ukalamba, nthawi yake yakwana kale. Angathe kudzozedwa asanapite ku opaleshoni yaikulu. Akachira n'kudwalanso, kapena matenda omwewo akakula, angathe kudzozedwanso. Mafutawo amadalitsa ndi episkopi pa Misa yapadera ya nyengo ya Sabata Loyera, ndipo wodzoza ndi wansembe yekha. Mayi uja wobweretsa Ukaristia sakanatha kutero, ngakhale akanafuna.

Chimene chinandipyoza mtima ndi ichi. Mpingo umakonzera munthu wopita zinthu zitatu motsatana: kulapa, kudzozedwa, kenako Ukaristia womaliza, umene ndi kamba wa paulendo. Choyamba chimafuna munthu woti angathe kuyankhula. Chomaliza chimafuna munthu woti angathe kumeza. Amayi anapempha adakali ndi mphamvu zochitira zonse zitatu, ife tinawasiyira chimodzi, chapakati, atagona osadziwa bwinobwino amene ali pambali pawo.

Anamwalira patapita masiku awiri, mbandakucha, nthawi yomwe ija ankadzukira kupemphera.

Kwa miyezi ingapo sindinkagona bwino. Usiku wina ndinayamba kuwerengera. Mu kolona mmodzi muli Tikuoneni Maria 53, ndipo aliyense amathera pa mawu akuti "tsopano ndi pa nthawi ya kufa kwathu". Amayi ankapemphera kawiri pa tsiku, m'mawa okha, madzulo ndi banja. Ndiye kuti kopitirira 100 tsiku lililonse, kwa zaka zoposa 60, ankatchula imfa yawo ndi pakamwa pawo. Munthu wotereyu ndi amene ife tinkati timubisire nkhani ya imfa kuti angachite mantha! Amantha tinali ife. Tinatenga mantha athuwo n'kuwaveka iwo, kenako n'kumati tikuwateteza.

Nditapita kukalapa zimenezi, wansembe wina wachikulire anandimvetsera mpaka kumapeto. Sanandiuze kuti sindinalakwe, ndipo ndimamuthokoza chifukwa cha zimenezo, poti ndikanadziwa kuti akungondinyengerera. Anandifunsa kuti amayi analandira liti Ukaristia komaliza. Ndinati Lamulungu lomwe lija asanagonekedwe. Anandifunsanso ngati ankafuna kulapa ndi mtima wonse. Ndinati anapempha katatu. Iye anati masakramenti ndi njira imene Mulungu anatipatsa ife, koma Mulunguyo samangidwa manja ndi kuchedwa kwa ana a munthu. Ngati inunso munachedwa monga ife, mawu amenewa ndikukupatsirani momwe ndinawalandirira. Sanafafanize cholakwacho, koma anandilola kugona.

Chaka chathachi apongozi a mnzanga wina anayamba kufooka, ndipo ndinamva banjalo likuyankhula chimodzimodzi ngati ife: tisawaopseze, nthawi sinakwane. Ndinalowerera nkhani ya eni, mwina mopitirira muyezo. Ndinawauza kuti awafunse eniakewo, funso lachidule, "Kodi mukufuna Bambo abwere?" Gogoyo anayankha kuti wakhala akudikira kuti wina afunse. Wansembe anabwera masana, dzuwa likuswa mtengo, popanda wothamanga kapena wolira. Anakonza katebulo, anayalapo nsalu yoyera, kandulo ndi mtanda. Onse anatuluka kuti gogo alape momasuka, chinthu chimene anthu ambiri amaiwala, amangounjikana m'chipindamo ngati wodwala alibe zake zobisika. Kenako anabwereranso, zidzukulu zomwe, ndipo gogoyo anadzozedwa atakhala pampando, akuyankha yekha mapemphero. Pamene ndikulemba pano adakali moyo, ndipo anadzozedwanso kachiwiri matenda atakula. Mafuta sanamuphe.

Nambala ya kuparishi tsopano ili mufoni mwanga ndi mwa ana anga onse. Mukamaimba, muuzeni wansembe ngati wodwalayo akutha kuyankhula ndi kumeza, kuti adziwe chotenga ndi changu chofunika. Ngati muli kuchipatala, funsani anamwino ngati pali wansembe amene amayendera odwala kumeneko. Ndipo pa 11 February, tsiku la odwala pa dziko lonse limene Papa John Paul Wachiwiri anakhazikitsa mu 1992, maparishi ambiri amadzoza odwala ndi okalamba pa Misa. Kholo limene likutha kuyenda mungathe kupita nalo, lidzozedwe pakati pa anzake, popanda wina kuona ngati kwagwa zoopsa. Amayi anga akanakonda zimenezo. Akanavala bwino, n'kukhala kutsogolo, n'kudzudzula oimba pobwerera.

Titayamba kulongosola katundu wawo, m'chikwama chimene ankasungamo buku la mapemphero tinapezamo kope la kusukulu, lakutha m'makona. Masamba oyambirira anali mayina a akufa, mzere ndi mzere, inki yosiyanasiyana. Makolo awo, bambo athu, ana awo awiri amene anatsogola, kenako anthu ambirimbiri amene ife sitinkawadziwa, odwala aja ankawayendera. Mwezi wa November uliwonse ankawerenga mayinawa mokweza tikamaliza kolona, ndipo pa 2 November, tsiku lopempherera okhulupirira onse amene anamwalira, ankalembetsa Misa. Ife tinkangoona kuti pemphero latalika, osadziwa kuti mayinawo akuchokera m'kope.

Kumapeto kwa kopelo kunali mayina a amoyo. Wina pambali pake analemba "ntchito", wina "mowa", wina "mayeso". Langa linalipo, pamodzi ndi la amuna anga, ndipo pambali pake panali liwu limodzi, "ukwati". Analidula ndi mzere, n'kulemba pamwamba pake ndi cholembera china kuti "zatheka". M'munsi mwake analembanso dzina langa kachiwiri, lokha, ndi mawu akuti "mtima wake, ndinamulankhula moipa". Pa mzere umenewo panalibe chodula. Pamaso sanandipepesepo, ndipo sindikuganiza kuti akanatha.

Ankakonda kutikumbutsa zimene Monica anauza ana ake ali pafupi kumwalira ku Ostia, chaka chomwe chija cha 387: kuti thupi lake angaliike paliponse, asavutike nazo, koma azimukumbukira pa guwa la Ambuye kulikonse kumene angakhale. Tinkaona ngati ndi nkhani chabe ya oyera mtima. Pano ana awo tinabalalika, wina uku wina uko, ndipo kumanda sitifikako kawirikawiri. Koma tsiku limene anamwalira likamayandikira, aliyense amalembetsa Misa kuparishi imene ali, kenako timaimbirana kufunsana ngati dzina analitchula bwino.

Kope lija ndi kolona wa mfundo uja zili ndi mwana wanga wamkazi, yemwe uja anandifunsa chifukwa chimene ndinkatsalira pampando. November woyamba agogo ake atapita, anatenga cholembera n'kulemba dzina lawo pansi pa dzina lomaliza. Anandifunsa ngati alembe "Agogo" kapena dzina lawo la ubatizo. Ndinamuuza kuti alembe onse awiri. Lachinayi ndiye amatsogolera kolona kunyumba kwathu, ndipo pa chigawo chachiwiri, cha ku Kana, chala chake chimafika pa mfundo ija. Amaima pang'ono, n'kuiwerengera ngati mkanda, n'kupitiriza.